Chifukwa chimene masabumarini adalepherera kutseka njira za zombo za Japan kumayambiriro kwa nkhondo

Wowerenga wina walemba kuti agogo ake aamuna adamenya nawo nkhondo ku Burma ali msilikali wa King's African Rifles, ndipo iye wakhala akuwerenga mbiri ya nkhondoyo kuti aidziwe bwino. Akuti wapeza kuti sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, zimene ambiri timazitcha masabumarini, ndizo zidafoola dziko la Japan pomiza zombo zake zonyamula katundu. Funso lake ndi lakuti, ngati masabumariniwo adali oopsa chotero, zidatheka bwanji kuti m'miyezi yoyamba ya nkhondo Ajapani anyamule asilikali, zida ndi chakudya panyanja mpaka kufika ku Burma popanda wowatsekera njira?

Zimene mwawerengazo n'zoona, koma zikunena za chaka cha 1944. Kuyambira Disembala 1941 mpaka chakumapeto kwa 1943, masabumarini a America adamiza zombo zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene akadatha kumiza, ndipo chifukwa chachikulu sichidali luso la Ajapani poteteza zombo zawo, pakuti chitetezo chawo chidali chofooka. Vuto lidali kwa eni masabumariniwo. Chida chawo chachikulu chidali chosagwira ntchito, maphunziro amene akaputeni adalandira nkhondo isanayambe adawaphunzitsa mantha, ndipo akuluakulu okhala m'maofesi adatenga miyezi yambiri asanakhulupirire zimene anthu a panyanja ankawauza. Mwa zifukwa zitatuzi, ine ndimaona kuti chachitatu ndicho chidawononga zambiri, chifukwa ndicho chidachititsa kuti ziwiri zinazo zikhalitse.

Tiyambe ndi mmene Japan idaliri. Ili ndi dziko la zilumba lomwe lidali ndi mafakitale ambiri koma lopanda mafuta okwanira, lopanda mphira, komanso losowa miyala ya chitsulo ndi ya aluminiyamu. Nkhondo isanayambe, mafuta ake ambiri ankagulidwa ku America, ndipo America itaimitsa malondawo pakati pa chaka cha 1941, atsogoleri a Japan adaganiza zokalanda zitsime za mafuta za ku Dutch East Indies, kumene lero ndi Indonesia, makamaka za ku Palembang pachilumba cha Sumatra ndi za ku Balikpapan ndi Tarakan ku Borneo. Kulanda chitsime sikutanthauza kuti mafuta afika kwanu. Mafutawo, pamodzi ndi mphira wa ku Malaya, mpunga wa ku Thailand ndi Indochina ndi malasha a kumpoto kwa China, zonse zinkayenera kukwera chombo ndi kuyenda makilomita zikwi zingapo. Pamene nkhondo inkayamba, zombo zamalonda za Japan zidali za matani pafupifupi 6 miliyoni, ndipo okonza mapulani a dzikolo adawerengera kuti matani 3 miliyoni ankafunika kuti anthu wamba adye ndiponso mafakitale asaime, zotsalazo n'kuperekedwa kwa asilikali. Dziko lotere mdani akhoza kuligonjetsa osaponda n'komwe pamtunda pake, bola akhale ndi njira yomizira zombo mofulumira kuposa mmene eni ake angapangire zatsopano.

Akuluakulu a asilikali apamadzi a America ankadziwa zimenezi. Patangopita maola ochepa Ajapani ataphulitsa Pearl Harbor, doko la asilikali apamadzi a America ku Hawaii, pa 7 Disembala 1941, Admiral Harold Stark adatumiza lamulo kuchokera ku Washington lakuti ndege ndi masabumarini amenyane ndi Japan popanda malire, kutanthauza kuti chombo chilichonse cha Japan chimizidwe popanda chenjezo. Lamuloli lidali lolemera kuposa mmene limamvekera. America idasainira pangano la ku London la 1930, ndi lina lolitsimikiza la 1936, lonena kuti sabumarini isamize chombo chamalonda isanaike anthu okwera m'chombocho pamalo otetezeka, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene America idalowera m'nkhondo yoyamba yapadziko lonse mu 1917 chidali chakuti Germany inkamiza zombo popanda chenjezo. Tsiku limodzi lokha lidafafaniza zonsezo. Nkhondo itatha, pamlandu wa ku Nuremberg, Admiral Chester Nimitz, yemwe adatsogolera asilikali apamadzi a America kunyanja ya Pacific, adalemba umboni wovomereza kuti America idachita nkhondo yotereyi kuyambira tsiku loyamba, ndipo umboniwo udathandiza kuti Karl Dönitz, mkulu wa masabumarini a Germany, asalangidwe pa mlandu wa mtundu umenewo. Chimene chikukhudza funso lanu n'chakuti lamulolo lidafika kwa anthu amene sadaphunzirepo ntchito imene ankalamulidwayo. Zaka zonse za mtendere adakonzekera kusaka zombo zikuluzikulu zankhondo, osati zonyamula mpunga ndi mafuta.

Mwezi woyamba udali wochititsa manyazi. Ku Manila, m'dziko la Philippines, kudali masabumarini 29 pansi pa Admiral Thomas Hart, ndipo ambiri ankayembekezera kuti amenewa ndiwo adzaletse Ajapani kutsitsa asilikali pachilumba cha Luzon. Pa 10 Disembala ndege za Japan zidaphulitsa doko la asilikali la Cavite, zidawononga sabumarini yotchedwa Sealion, ndipo zidatentha matorpedo 233, omwe ndi mabomba aatali odziyendetsa okha m'madzi amene sabumarini imaponyera chombo. Pa 16 Disembala sabumarini ya Swordfish idamiza Atsutasan Maru, chombo cha matani oposa 8,600, pafupi ndi chilumba cha Hainan, ndipo ichi ndicho chombo choyamba chamalonda cha Japan chimene chimatsimikizidwa kuti chidamizidwa ndi sabumarini ya America. Koma pa 22 Disembala, pamene zombo zoposa 70 zidafika ku Lingayen Gulf zitadzaza asilikali a General Masaharu Homma, sabumarini imodzi yokha yakale, S-38, ndiyo idalowa m'madzi osayawo n'kumiza chombo chimodzi, Hayo Maru. M'mwezi wonsewo masabumarini a ku Manila adaponya matorpedo 96, ndipo kafukufuku wa pambuyo pa nkhondo adapeza kuti zombo zimene zidamira zidali zitatu zokha. Chaka chisanathe adathawa ku Manila, nasamukira ku Java, ndipo Java itagwa m'Malichi 1942 adakakhazikika ku Fremantle, kumadzulo kwa Australia, kutali kwambiri ndi njira zimene zombo za Japan zinkadutsa.

Amene adachita bwino m'masabata amenewo, ndipo saatchulidwa kawirikawiri, ndi Adatchi. Masabumarini awo adali ochepa, koma matorpedo awo ankaphulika. Pa 12 Disembala sabumarini yawo ya O 16 idalowa usiku padoko la Patani ku Thailand n'kumiza zombo zitatu zonyamula asilikali, ngakhale kuti madziwo adali osaya moti Ajapani adadzazivuula pambuyo pake. Patangopita masiku atatu O 16 idagunda bomba lotcheredwa m'madzi, ndipo mwa anthu onse adali m'menemo adapulumuka mmodzi yekha, Cornelis de Wolf, atasambira kupitirira tsiku lathunthu. Pa 23 Disembala ina, K XIV, idamiza zombo ziwiri kufupi ndi Kuching ku Borneo, chimodzi mwa izo chili Katori Maru. Adatchi adataya masabumarini angapo m'mwezi womwewo, motero mphamvu yawo sidakhalitse, koma zimene adachita zikusonyeza kuti zombo za Japan zidali zosavuta kuzimiza kwa munthu wokhala ndi chida chodalirika.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo. Torpedo ya masabumarini atsopano a America inkatchedwa Mark 14. Idali yotalika mamita opitirira 6, yolemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndipo inkathamanga makilomita pafupifupi 85 pa ola. Idakonzedwa ku Newport, m'chigawo cha Rhode Island, pansi pa nthambi yoona za zida yotchedwa Bureau of Ordnance. M'mutu mwake mudali kachipangizo koyatsira bomba kotchedwa Mark 6, komwe kadapangidwa kuti kazimva mphamvu ya maginito yochokera ku chitsulo cha chombo, kuti torpedo idutse pansi pa chombocho n'kuphulikira kumimba kwake kumene kulibe chitetezo. Ganizolo lidali lanzeru, pakuti bomba lophulikira pansi limathyola chombo pakati. Koma torpedo imodzi inkadya madola pafupifupi 10,000, ndipo m'zaka za umphawi za m'ma 1930 palibe amene adalola kuti iphulitsidwe pongoyesa. Ankaiyesa ili ndi mutu wopanda onga kuti akaitole n'kuigwiritsanso ntchito. Kachipangizo ka maginito kaja kadasungidwa mwachinsinsi chachikulu moti akaputeni ambiri adakadziwa nkhondo ili pafupi kuyamba. Motero America idalowa m'nkhondo ndi chida chimene sichidaphulitsidwepo pa chombo chenicheni chili mmene chidaperekedwera kwa asilikali.

Chidacho chidali ndi zilema zitatu, ndipo choipa kwambiri n'chakuti chilema chilichonse chinkabisa chinzake. Choyamba chidali chakuti torpedo inkayenda mozama kuposa mmene aitchera, mamita atatu kapena kupitirira, chifukwa mutu wa onga udali wolemera kuposa mutu woyesera uja, komanso kachipangizo koyeza kuya kwa madzi kadaikidwa chakumchira, pamalo pamene liwiro la madzi linkakanamiza. Mmodzi mwa oyamba kuzindikira adali Tyrell Jacobs, kaputeni wa Sargo, yemwe mu Disembala 1941 adaponya matorpedo 13 popanda ngakhale imodzi kuwononga chombo. Iye adali katswiri wa zida, adawerengera bwino, ndipo adanena kuti matorpedo akudutsa pansi. Yankho lochokera kwa eni chidacho, kwa iye ndi kwa ena odandaula chimodzimodzi, lidali lakuti akaputeni sakulozetsa bwino kapena amisiri awo sakusamalira zida. Taganizirani munthu amene wakhala masabata asanu ndi awiri m'chitsulo chotentha, wayandikira chombo cha mdani moika moyo wa anthu 60 pachiswe, waona ndi maso ake mzere wa thovu ukulowa pansi pa chombocho popanda kuphulika, waponyeredwa mabomba chifukwa thovu lomwelo laulula pamene ali, ndipo pobwerera kudoko akuuzidwa kuti wolakwa ndi iye. Zotere zidachitikira akaputeni ambiri, ndipo ena adachotsedwa ntchito chifukwa cha izo.

Kutsutsa galu n'kukumba, ndipo amene adakumba ndi Charles Lockwood, yemwe adatenga utsogoleri wa masabumarini a ku Fremantle mu Meyi 1942. Iye adapeza ukonde wa asodzi, adautchera m'madzi ku Frenchman Bay pafupi ndi Albany, ndipo pa 20 Juni 1942 sabumarini ya Skipjack idaponya torpedo pa ukondewo. Torpedo imene idatcheredwa kuti iyende mamita atatu pansi pa madzi idaboola ukonde pa kuya kwa mamita opitirira asanu ndi awiri. Adabwereza kuyesako ndipo zotsatira zidafanana. A Bureau of Ordnance adayamba akana, ponena kuti kuyesako sikudatsate njira za sayansi, mpaka pa 1 Ogasiti 1942 pamene adavomera atayesa okha. Miyezi pafupifupi isanu ndi itatu ya nkhondo idali itapita chifukwa cha funso limene ukonde wa nsomba udaliyankha tsiku limodzi.

Kuya kutakonzedwa, chilema chachiwiri chidaonekera poyera. Matorpedo tsopano ankafika pafupi ndi chombo, ndipo kachipangizo ka maginito kankawaphulitsa asanafike. Mphamvu ya maginito ya dziko lapansi siifanana paliponse, ndipo mmene chitsulo cha chombo chimaisokonezera kufupi ndi Newport ndi mosiyana ndi mmene chimachitira kunyanja zotentha za kufupi ndi equator. Kuphulika kofulumira kotereku kudali konyenga, chifukwa kaputeni woyang'ana pa periscope, kagalasi kotulukira pamwamba pa madzi, ankaona madzi akuthovoka pafupi ndi chombo n'kulemba kuti wachimiza, pamene chombocho chinkapitiriza ulendo chili bwinobwino. Germany ndi Britain adali atasiya kale kudalira zipangizo zotere ataona mavuto omwewa. Nimitz adalamula kuti kachipangizoka kazimitsidwe pa 24 Juni 1943, koma lamulolo lidakhudza masabumarini a ku Pearl Harbor okha. Ku Fremantle mtsogoleri panthawiyo adali Ralph Christie, yemwe adagwira nawo ntchito yopanga Mark 6 ali wachinyamata, ndipo iye adaumirira kuti kagwiritsidwebe ntchito kwa miyezi ina ingapo. Sindikayika kuti Christie ankakhulupirira moona mtima kuti chida chake chili bwino, koma munthu sayenera kukhala woweruza pa mlandu wa chinthu chimene adachipanga yekha pamene miyoyo ya ena ili pangozi.

Chilema chachitatu chidadziwika bwino pa 24 Julayi 1943. Sabumarini ya Tinosa, motsogozedwa ndi Lawrence Daspit, idakumana ndi Tonan Maru No. 3 kumadzulo kwa zilumba za Truk, kumene Ajapani adali ndi doko lalikulu la zombo zankhondo. Ichi chidali chombo cha matani oposa 19,000, chomwe kale chinkagwira ntchito yokonza nyama ya anangumi koma tsopano chinkanyamula mafuta. Matorpedo awiri amene adachigunda chopendekeka adaphulika ndipo chombocho chidaima. Daspit adaima pamalo abwino koposa, molunjika nthiti ya chombocho, nayamba kuponya imodziimodzi, akuyendera torpedo iliyonse asanaiponye. Iliyonse inkagunda chitsulo, madzi n'kuthovoka pang'ono, osaphulika. Adaponya matorpedo 15 tsiku limenelo ndipo awiri okha aja ndiwo adaphulika. Yotsala imodzi adaisunga n'kubwerera nayo ku Pearl Harbor kuti akuluakulu akaione. Lockwood, yemwe tsopano ankatsogolera masabumarini a kumeneko, adalamula kuti matorpedo aponyedwe pa phompho la chilumba cha Kahoolawe, ndipo imene idakana kuphulika idavuulidwa n'kutsegulidwa. Kenaka adagwetsa mitu ya matorpedo kuchokera pa makina onyamulira katundu, mamita pafupifupi 27 m'mwamba, pa chitsulo chochindikala. Adapeza kuti torpedo ikagunda molunjika, kamsomali koyatsira bomba kankapindika ndi kukanirira kasanafike pa onga, pamene ikagunda chopendekeka kankagwira ntchito. Izi zikutanthauza kuti kaputeni wolozetsa bwino koposa ndiye ankalephera koposa. Amisiri a ku Pearl Harbor adasula timisomali topepuka, ndipo pofika Seputembala 1943, miyezi 21 nkhondo itayamba, masabumarini a America adayamba kunyamuka ndi chida chodalirika.

Komabe si chilungamo kuika mlandu wonse pa torpedo. M'maphunziro a nthawi ya mtendere, kaputeni amene periscope yake yaonedwa ndi ndege ankadzudzulidwa kwambiri, motero anthu adazolowera kukhala pansi pa madzi tsiku lonse ndi kuponya ali mozama, akudalira makutu a makina okha osaona chombo. Sabumarini ya nthawi imeneyo ikakhala pamwamba inkayenda ndi injini za dizilo pa liwiro la makilomita opitirira 35 pa ola, koma ikamira inkadalira mabatire ndipo inkangokwawa, moti chombo chamalonda wamba chinkaisiya m'mbuyo. Wobisala tsiku lonse sakadapeza chombo. M'chaka cha 1942 chokha akaputeni pafupifupi 40 mwa 135 adachotsedwa pa maudindo awo, ena chifukwa chotopa m'maganizo, ena chifukwa chobwerako chimanjamanja. Amene adalowa m'malo mwawo adali achinyamata olimba mtima, ndipo adayamba kuukira usiku ali pamwamba pa madzi, mothandizidwa ndi radar, makina ozindikira zombo patali ngakhale mumdima, imene idayamba kuikidwa m'masabumarini chapakati pa 1942. Akuluakulu nawonso adamwaza mphamvu zawo. Adatumiza masabumarini kukadikirira zombo zankhondo pakhomo pa madoko otetezedwa kwambiri monga Truk, ena kukapereka zipolopolo ku Corregidor, chilumba cha kufupi ndi Manila, kumene sabumarini ya Trout idabwerako itanyamula matani 20 a golide ndi siliva mu Febuluwale 1942, ena kukatsitsa asilikali pachilumba cha Makin. Mpata wa pakati pa Luzon ndi Formosa (lero Taiwan), umene zombo zambiri zochokera kumwera zinkadutsa popita ku Japan, udasiyidwa pafupifupi wopanda mlonda, ndipo zombo zonyamula mafuta sizidaikidwe patsogolo pa mndandanda wa zofunika kumiza kufikira mochedwa.

Zotsatira zake zikuoneka m'ziwerengero. M'chaka chonse cha 1942 masabumarini a America adamiza zombo pafupifupi 180, za matani pafupifupi 725,000, pamene masabumarini a Germany adamiza matani oposa 6 miliyoni m'chaka chomwecho. Japan idabweza pafupifupi zonse zimene idataya popanga zombo zatsopano ndi polanda za maiko amene idagonjetsa, ndipo zombo zake zonyamula mafuta zidachuluka m'malo mochepa. Chodabwitsa n'chakuti kulephera kumeneku kudapweteka Japan pambuyo pake, chifukwa kudagoneka tulo akuluakulu ake. Asilikali apamadzi a Japan ankaona kuti ulemu uli pa nkhondo yaikulu ya zombo zankhondo zokhazokha, ndipo ntchito yoperekeza zombo zamalonda ankaipeputsa. Zombo zambiri zinkayenda chokhachokha, kapena pa mdipiti waung'ono woperekezedwa ndi chombo chimodzi chakale. Likulu loona za chitetezo cha zombo zamalonda adalikhazikitsa mu Novembala 1943, pansi pa Admiral Koshiro Oikawa, nthawi imene mdani wawo adali atakonza kale torpedo yake, ali ndi masabumarini ambiri atsopano, ndiponso akuwerenga mauthenga achinsinsi onena za njira ndi nthawi za midipiti ya zombo, popeza adali atamasula chinsinsicho kumayambiriro kwa chakacho.

Sindingayankhe funso lanu ndi matani okha, chifukwa m'zombozo mudali anthu. Pa 8 Meyi 1942 sabumarini ya Grenadier idamiza Taiyo Maru, chombo chachikulu chonyamula anthu, kumwera chakumadzulo kwa Kyushu. Mudali mainjiniya ndi akatswiri amene ankapita kukatsitsimutsa zitsime za mafuta ndi mafakitale a m'maiko olandidwa, ndipo oposa 800 adafa. Pankhani ya nkhondo, kumiza chombo chimenechi kudali kupambana kwakukulu, koma ambiri mwa akufawo adali anthu wamba ogwira ntchito m'makampani. Zowawa koposa ndi za zombo zonyamula akaidi ogwidwa pankhondo, zimene Ajapani sankaikapo chizindikiro chilichonse. Pa 1 Julayi 1942 Sturgeon idamiza Montevideo Maru kufupi ndi Luzon, osadziwa kuti m'zipinda za katundu mudatsekeredwa akaidi oposa 1,000, ambiri a iwo asilikali ndi anthu wamba a ku Australia ogwidwa ku Rabaul, ndipo palibe mkaidi ngakhale mmodzi adapulumuka. Chombocho chidapezeka mu Epulo 2023 pa kuya kwa mamita oposa 4,000. Pa 1 Okutobala 1942 Grouper idalasa Lisbon Maru kufupi ndi zilumba za Zhoushan ku China, muli akaidi a ku Britain 1,816 ochokera ku Hong Kong. Chombocho chidatenga tsiku lathunthu chisanamire, ndipo alonda a Japan adakhomera zitseko za zipindazo ndi kuwombera amene adathyola n'kutuluka. Oposa 800 adafa, ndipo 384 adapulumutsidwa ndi asodzi a ku China amene adapalasa mabwato awo kukawatola, akudziwa kuti Ajapani akhoza kuwalanga.

Mlandu waukulu pa imfa zimenezi uli pa amene adalonga anthu ngati matumba m'zombo zopanda chizindikiro. Koma lamulo la pa 7 Disembala lija nalonso lidali ndi mtengo wake, pakuti womiza popanda chenjezo alibe mpata wofunsa kuti m'chombo muli yani. Ndipo pali tsiku limodzi limene sindingalilambalale. Pa 26 Januwale 1943 Dudley Morton, kaputeni wa Wahoo, yemwe amatamandidwa moyenerera chifukwa chophunzitsa anzake kulimba mtima, atamiza Buyo Maru kumpoto kwa New Guinea adatulukira pamwamba n'kulamula kuti mabwato a opulumuka awomberedwe. Iye ankaganiza kuti onsewo ndi asilikali a Japan, koma pakati pawo padali akaidi ambiri a ku India a gulu la 16th Punjab Regiment. Ngakhale akadakhala Ajapani okhaokha, kuwombera anthu amene chombo chawo chamira kale ndi chinthu chimene sindipeza mawu ochiikira kumbuyo. Amalinyero a zombo zamalonda za Japan, omwe sadali asilikali, adafa oposa 60,000 m'nkhondo yonseyo.

Zinthu zitakonzedwa, kusintha kudali kofulumira. Mu 1943 masabumarini a America adamiza matani pafupifupi 1.5 miliyoni, mu 1944 matani oposa 2.5 miliyoni, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1945 mafuta ochokera kumwera adalekeratu kufika ku Japan. Pa zombo zonse zamalonda zimene Japan idataya, zoposa theka zidamizidwa ndi masabumarini, ndipo America idataya masabumarini 52 ndi anthu pafupifupi 3,500. Koma Burma idagwa m'manja mwa Ajapani pakati pa Januwale ndi Meyi 1942, ndipo Rangoon idalandidwa kumayambiriro kwa Malichi, m'masabata omwewo pamene masabumarini ankathawa ku Java ali ndi matorpedo odutsa pansi pa zombo. Asilikali oyamba adalowa pamtunda kuchokera ku Thailand, ndipo magulu ena awiri akuluakulu adafika pa zombo ku Rangoon popanda chowasokoneza chenicheni.

Ngakhale zidali choncho, akuluakulu a Japan adaona kuti njira ya panyanja yozungulira Singapore ndi kudutsa mpata wa Malacca siidzakhala yotetezeka mpaka kalekale, ndipo ichi chidali chifukwa chachikulu chomangira njanji ya makilomita 415 kuchokera ku Ban Pong ku Thailand kukafika ku Thanbyuzayat ku Burma. Njanjiyo idatha mu Okutobala 1943, itapha akaidi ankhondo oposa 12,000 ndi anthu wamba a ku Asia ogwiritsidwa ntchito yakalavulagaga pafupifupi 90,000. Pamene asilikali a King's African Rifles a mu 11th East African Division ankatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula ya 1944, adapeza Ajapani ambiri atafa ndi njala ndi malungo m'mbali mwa njira. Gwero lapafupi la njalayo lidali General Renya Mutaguchi, yemwe adatumiza asilikali ake kukaukira mzinda wa Imphal ku India ndi chakudya cha masabata atatu okha, poganiza kuti akadya za adani. Koma kumbuyo kwa asilikali amenewo kudalibenso zombo zokwanira zobweretsa mankhwala, zida ndi anthu olowa m'malo mwa akufa, ndipo Ajapani amene agogo anu adakumana nawo m'chigwa chimenecho adali kale kumapeto kwa njira imene inkaduka mwezi ndi mwezi.